Tisawalande makope, tiwaphunzitse kufunsa



Teremu yathayi tinatuma ophunzira a kalabu yolemba nkhani kuti apite kudoko, kumsika ndi kumadrasa akacheze ndi anthu za moyo wa pano pa Nkopola. Anabwerako ndi makope odzaza, ife n'kumasangalala. Sipanathe sabata, madandaulo nawo anafika. Mayi wina anabwera ku ofesi kudzafunsa chifukwa chimene mwana wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi anafunsidwira pagulu la anzake ngati kwawo amagona ndi njala. Bambo wina, msodzi, anatumiza mawu kudzera kwa a Shehe: mwana wawo anafunsidwa za ukonde umene iwo amaphera usipa, ndipo bambowo anakhala masiku ali ndi nkhawa poganiza kuti nkhaniyo ikupita kwa a zausodzi. Pamsonkhano wa komiti panamveka maganizo akuti ntchito yofunsa anthuyi ithe, ana azingolemba za m'kalasi ndi za mpira.

Tiyambe ndi kuvomera. Olakwa ndife aphunzitsi. Tinawapatsa ana makope ndi zolembera koma mafunso awo sitinawaone, ndipo sitinawauze kuti funso limatha kuvulaza munthu. Mabanja awiriwo tinapitako kukapepesa, masamba amene munali mayankho a ana awo tinawachotsa m'makope. Koma pa maganizo oti ntchitoyi ithe, ife sitikugwirizana nawo, ndipo tikupempha kuti mutimvere zifukwa zathu.

Titakhala pansi kuwerenga makopewo tinapeza vuto lina limene palibe kholo linadandaula nalo. Mafunso ambiri amene ana a kumadrasa anafunsidwa anali otere: "Sukulu imakusangalatsa eti?" "Kusambira m'nyanja n'koipa, si choncho?" "Ukadzakula ukufuna kudzakhala dokotala?" Mayankho ake, tsamba ndi tsamba, anali "eya", kapena "elo" kwa amene anayankha m'Chiyao. Mwana mmodzi anavomera kuti akufuna kudzakhala dokotala, ndipo m'kope la wophunzira wina mwana yemweyo anavomeranso kuti akufuna kudzakhala woyendetsa ndege. Ophunzira athu anayenda mtunda, anapsa ndi dzuwa, koma chimene anabwera nacho ndi maganizo awo omwe, atangodutsa pakamwa pa mwana.

Zimenezi si za ana a kuno okha. Mu 1980 akatswiri awiri a ku Britain, Martin Hughes ndi Robert Grieve, anafunsa ana a zaka zisanu ndi a zaka zisanu ndi ziwiri mafunso opanda mutu mwadala, monga lakuti kodi mkaka ndi waukulu kuposa madzi, kapena ngati mtundu wofiira uli wolemera kuposa wachikasu. Pafupifupi ana onse anayankha, ena mpaka kupereka zifukwa. Mwana amaganiza kuti wamkulu sangafunse chinthu chopanda yankho, choncho amalifunafuna yankholo mpaka alipeze. Kuno kwathu tawonjezerapo mwambo. Timaphunzitsa mwana kuti wamkulu satsutsidwa, kuti poyankhula naye aziyang'ana pansi, ndipo mwambo umenewu ndi wabwino pamalo pake. Koma mnyamata wa Fomu 3 wovala yunifolomu, kope lili m'manja, kwa mwana wa Sitandade 1 ndi wamkulu ndithu. Akamufunsa funso lomaliza ndi "eti", mwanayo amamva kuti akulamulidwa kuvomera.

Pamene nkhani ili ya udokotala ndi ndege, tikhoza kuseka. Pamene funso lili "Aphunzitsi amakumenya eti?" kapena "Amalume aja ndi amene anatenga foni, si choncho?" kuseka kumatha. Ku Manhattan Beach, m'chigawo cha California ku America, mu 1983 kunabuka mlandu wokhudza sukulu ya mkaka ya McMartin. Ana mazana angapo anafunsidwa ngati aphunzitsi awo ankawachita zoipa. Ofunsawo ankabwereza funso mwana akakana, ankamuyamikira akavomera, ndipo ena ankauzidwa kuti anzawo aulula kale. Mapeto ake ana anayamba kufotokoza zinthu zosatheka, monga anthu ouluka m'mwamba. Mlanduwo unatha mu 1990 popanda ndi mmodzi yemwe wopezeka wolakwa, koma mphunzitsi wina anali atakhala kale zaka zisanu m'ndende. Chifukwa cha kafunsidwe koipa, palibe amene akanathanso kusiyanitsa chimene ana anaona ndi chimene anauzidwa.

Pasakhale womva molakwa ngati tikunena kuti ana ndi abodza. Chipembedzo chathu sichitiphunzitsa zimenezo. Imam Bukhari, m'gawo la maphunziro la buku lake la Hadith, anaika mutu wofunsa za msinkhu umene zimene mwana wamva zingalandiridwe. Pansi pake analembapo za Swahaba Mahmud ibn al-Rabi', amene ankakumbukira Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) akumuwaza madzi kumaso, iye ali ndi zaka zisanu zokha. Ma Ulama anachilandira chikumbukiro cha mwana wa zaka zisanu ameneyu, ndipo tikuchiwerenga mpaka lero. Mwana amaona, amasunga, ndipo nthawi zambiri amanena zoona kuposa ife akuluakulu amene timayamba tayeza kaye amene akutimvera. Chimene chimaononga umboni wake ndi funso limene labwera litanyamula kale yankho.

Tsono mwana afunsidwe bwanji? Funso labwino kwa mwana silioneka ngati funso n'komwe. "Tandiuza zimene unachita dzulo kuyambira pamene unadzuka." Akafika pakati n'kuima, mumuthandize ndi mawu ochepa: "Kenako chinachitika n'chiyani?" Akatchula kudoko, mubwereze mawu ake omwewo: "Wati munapita kudoko. Tandiuza za kudokoko." Ngati iye sanatchule ngalawa, inu musaitchule. Ngati sanatchule mantha, musamufunse ngati ankaopa. Njira imeneyi ndi imene apolisi ndi a zachitukuko cha ana ophunzitsidwa bwino amatsata m'maiko ambiri, chifukwa zimene mwana wanena yekha mosatsogoleredwa zimakhala zolondola kwambiri kuposa zimene wavomera ndi mutu.

Musanayambe, muuzeni mwanayo zinthu ziwiri, ndipo muziyeserere limodzi. Choyamba, kuti akapanda kudziwa anene kuti "sindikudziwa". Mufunseni dzina la agogo anu, inu wofunsa. Akayamba kulota dzina, mukumbutseni kuti sakuwadziwa, ndipo kunena choncho ndiye kukhoza. Chachiwiri, kuti mukalakwitsa akukonzeni. Mutchuleni dzina lolakwika mwadala muone ngati alimba mtima. Zimatenga mphindi ziwiri, koma mwana amene waloledwa kamodzi kukonza wamkulu amayankhula mosiyana kotheratu.

Pali mafunso ena amene amaoneka osavuta koma amamuzunguza mwana wamng'ono. "Liti" ndi "kangati" ndi ena mwa iwo. Mwana wa zaka zisanu sasunga masiku monga timachitira ife. Akhoza kunena "dzulo" pa chinthu cha mwezi watha. Amakumbukira bwino mukamuthandiza ndi zizindikiro za moyo wake: kodi inali nthawi ya Ramadhani, Eid inali itadutsa, kunali kusanachite adhana ya Maghrib? "Chifukwa chiyani" ndi funso linanso lovuta, pakuti kunyumba mwana amalimva pamene walakwa: chifukwa chiyani waswa mbale, chifukwa chiyani wachedwa. Akalimva kwa mlendo amayamba kudziteteza. Ndipo funso limodzi lisafunsidwe kawiri. Mukabwereza, mwana amaganiza kuti yankho loyamba silinakukondweretseni ndipo amasintha. Masiwiti, ndalama, ngakhale mawu oti "wakhoza" asamatuluke pakati pa kucheza. Chovuta kuposa zonse kwa ophunzira athu, tinaona, ndi kukhala chete. Mwana akangoti zii kwa kanthawi, wofunsa amathamangira kumupatsa mayankho awiri kuti asankhepo. Dikirani. Nthawi zambiri mawu enieni amabwera pambuyo pa kachetechete ameneyo.

Koma zonsezi zimabwera pambuyo pa chilolezo, ndipo apa ndi pamene tinalakwira mayi uja. A ofesi yoona za chiwerengero cha anthu ya ku Zomba, pamene ankachita kafukufuku wa MICS mu 2019 ndi 2020 mothandizana ndi UNICEF, sankafunsa ana osakwana zaka zisanu. Ankafunsa mayi kapena womulera. Ana a zaka 7 mpaka 14, amene ankayesedwa kuwerenga ndi masamu, ankayamba apemphedwa chilolezo kwa kholo, kenako mwanayo payekha ankafunsidwa ngati akufuna. Ngati boma limagogoda kawiri chotero, kalabu ya pasukulu ndi ndani kuti ingolowa? Tikumbukirenso kuti mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Ndiye kuti ambiri mwa ofunsa athuwa nawonso ndi ana. Sitingawasenzetse mafunso a njala ya pakhomo, matenda, kumenyedwa kapena kulekana kwa makolo. Mafunso amenewo ali ndi eni ake ophunzitsidwa. Ndipo zikachitika kuti mwana, mosafunsidwa, waulula kuti wina akumuchita nkhanza, wophunzira asafufuze, asalonjeze kusunga chinsinsi, asalembe m'nyuzi ino. Auze mphunzitsi tsiku lomwelo. Pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, pali ofesi ya zachitukuko cha anthu pa boma la Mangochi, palinso nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa.

Tibwere kwa akuluakulu, pakuti ena amaganiza kuti munthu wamkulu funso silingamupotoze. Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa ophunzira a payunivesite ku America kanema wa ngozi ya galimoto. Ena anafunsidwa liwiro la magalimotowo pamene "anagundana", ena pamene "anaphwanyana". Amene anamva mawu achiwiriwa anatchula liwiro lalikulu. Patatha sabata onse anafunsidwa ngati anaona magalasi osweka. Mwa anthu 50 amene anamva mawu a kuphwanyana, 16 anati anawaona; mwa 50 amene anamva mawu ofatsa aja, anali 7 okha. M'kanemamo munalibe galasi losweka ndi limodzi lomwe. Awa anali anthu ophunzira, opanda choopa ndiponso opanda choyembekezera kwa wofunsayo.

Anthu a kuno ali nacho choopa, ali nachonso choyembekezera. Boma lathu la Mangochi, limene kalembera wa mu Seputembala 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, lafunsidwa mafunso ndi mabungwe osawerengeka. Anthu anaphunzira kalekale kuti kope ndi cholembera nthawi zina zimatanthauza mayina a Mtukula Pakhomo, a feteleza wotsika mtengo kapena a chimanga cha thandizo. Mukafunsa mayi kuti ali ndi mbuzi zingati, iye amayamba waganiza kaye kuti yankho liti limuika pamndandanda. Sitikumuweruza, aliyense wa ife akanatero. Msodzi naye akamva funso la ukonde amakumbukira nyengo yotseka nyanja, amakumbukira makoka olandidwa ndi kuotchedwa, amakumbukira kuti kuphera nsomba masikito n'koletsedwa. Funso limene kwa wophunzira ndi la chidwi chabe, kwa iye ndi la nsima ya ana ake. Kulifunsa kudzera mwa mwana wake wamng'ono, amene sadziwa kuopsa kwake, ndiye kunali kulakwa kuwiri.

Choncho mawu oyamba a wofunsa asakhale funso. Apereke salamu, anene dzina lake ndi la makolo ake, anene sukulu, afotokoze kuti zimene alembe zidzatuluka m'nyuzi imene makolo ndi a komiti amawerenga, ndipo anene poyera kuti palibe thandizo lililonse limene likubwera pambuyo pake. Kenako afunse ngati munthuyo ali ndi mpata ndiponso ngati akufuna. Akakana, athokoze n'kumapita. Qur'an yolemekezeka, mu Surat An-Nur, ikutilamula kupempha chilolezo ndi kupereka salamu tisanalowe m'nyumba za eni, ndi kubwerera tikauzidwa kubwerera. Ife tikuona kuti moyo wa munthu nawo ndi nyumba. Ndipo amene akuganiza kuti kudzidziwitsa ndi mwambo chabe akumbukire za mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo: anthu anaphedwa pongoganiziridwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena. Mlendo wosadziwika cholinga chake amadzetsa mantha, ndipo mantha alibe nzeru. N'chifukwa chake tikufuna ana athu aziyenda awiriawiri, a mfumu ndi a komiti ya padoko akudziwa, atsikana akucheza ndi amayi, anyamata ndi abambo.

Mafunso a kwa akuluakulu nawo amafuna kusula. M'kope lina tinapeza ili: "Nsomba zikutha chifukwa asodzi ndinu osamva malamulo, mukutipo bwanji?" Wophunzirayo analiona pa wailesi ya kanema, kumene atolankhani amapanikiza nduna. Koma nduna ili ndi mphamvu ndipo inapempha yokha udindo. Msodzi wa pa Nkopola sanapemphe kuweruzidwa ndi mwana wa mnzake. Funso lomwelo likhoza kubwera chonchi: "Pamene munkayamba usodzi, ulendo umodzi munkabwerako ndi zotani? Nanga masiku ano?" Akafotokoza za chambo chimene chinkadzaza bwato, mufunseni chimene iye akuona kuti chinasintha. Adzatchula yekha kuchuluka kwa asodzi, maukonde a maso ang'onoang'ono, mabango amene anadulidwa, mwinanso zina zimene inu simunaziganizire. Mayi woyanika usipa musamufunse ngati bizinesi ikuyenda bwino, chifukwa yankho lake ndi "pang'onopang'ono" basi. Mufunseni chimene amachita mvula ikagwa usipa uli pathandala. Amene nyumba zawo zinalowa madzi pamene nyanja inakwera mu 2024 musawafunse ngati anamva chisoni. Afunseni chimene anayamba kutulutsa m'nyumba.

Funso likhale limodzi pa nthawi imodzi. "Mumagula kuti nsomba ndipo mumapindula bwanji nanga mavuto ake ndi otani?" ndi mafunso atatu, ndipo munthu amayankha lomaliza lokha. Agogo asafunsidwe chaka chobadwa ngati kuti ndi kuchipatala. Ambiri amachita manyazi. Afunseni ngati njala ya 1949 anaiona, kapena anali msinkhu wanji pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, kapena ngati akukumbukira pamene boma lathuli linkatchedwa Fort Johnston. Pamenepo zaka mudzazipeza, ndi nkhani pamwamba. Ndipo amene amamasuka m'Chiyao afunsidwe m'Chiyao. Tinaona kuti mayankho a m'Chichewa a agogo ena anali a mzere umodzi, pamene a m'Chiyao ankadzaza tsamba. Pomaliza pakhale funso ili nthawi zonse: "Pali chimene sindinakufunseni chimene mukanakonda kunena?" Kenako wophunzira awerenge mokweza zimene walemba kuti mwini wake akonze, ndipo afunse padera za dzina ndi chithunzi. Kuvomera kucheza si kuvomera kujambulidwa, ndipo chithunzi chikalowa pa WhatsApp kapena pa Facebook palibe amene angachibweze.

Akuluakulu a komiti anatikumbutsa kuti Surat Al-Hujurat ikuletsa kufufuzana zinsinsi ndi kujedana. N'zoona, ndipo funso la njala lija linali pafupi kwambiri ndi zimenezo. Koma Sura yomweyo ikutilamulanso kufufuza bwino nkhani imene yatipeza tisanavulaze anthu mosadziwa. Kufufuza bwino kumeneko kumachitika ndi mafunso. Akatswiri a Hadith ankayenda miyezi kukafunsa munthu mmodzi kuti anamva kwa yani, anamva liti, ndipo amene anamuuzayo anali munthu wotani. Ana athu akukula m'nyengo imene uthenga wabodza umafika pafoni m'mawa, pofika Dhuhr mudzi wonse waukhulupirira. Mwana amene waphunzira kufunsa "mwaona nokha kapena mwamva?" ali ndi chitetezo chimene ife pa msinkhu wake tinalibe.

Taganiziraninso kumene ana amenewa akupita. Ena adzakhala anamwino, ena alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, apolisi, ena adzalembedwa ganyu pa kalembera wotsatira. Namwino amene amafunsa mtsikana pagulu ngati akukodza magazi sadzaupeza likodzo umene wadzaza m'mbali mwa nyanja muno, chifukwa mtsikanayo adzakana ndi manyazi. Mphunzitsi amene amafunsa "ndiwe waba eti?" adzalanga osalakwa. Luso limeneli adzalifuna kaya tifune kaya tisafune, ndipo ndi bwino alakwitse pano, pamene tikhoza kuchotsa tsamba ndi kukapepesa.

Palinso china. Buku lodziwika kwambiri la mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao, linatuluka mu 1919, ndipo analilemba ndi Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican, kuchokera pa zimene akuluakulu ankasimba. Tikumuthokoza. Koma papita zaka zoposa zana, ndipo agogo amene akudziwa mmene mzikiti wathu woyamba unamangidwira, amene anaphunzitsa Qur'an pansi pa mtengo, mayina akale a madoko ndi a mphepo za panyanja, akutha mmodzimmodzi. Ngati zidzukulu zawo sizifunsa, palibe mlendo amene adzabwere kudzafunsa zimenezo.

Pempho lathu kwa komiti ndi ili. Mutipatse anthu awiri, mayi mmodzi ndi mmodzi wa a Shehe, oti aziwerenga nafe mafunso onse ana asanatuluke pageti. Mwana wa kupulayimale kapena kumadrasa asafunsidwe popanda kholo kuvomera, ndipo pocheza naye pakhale wamkulu amene mwanayo amamudziwa, pamalo poonekera koma posamvera anzake. Nkhani isasindikizidwe mwini mawu asanaimve. Makolo amene simukufuna kuti mwana wanu afunsidwe, tiuzeni, ndipo sitidzakufunsani chifukwa. Tidzakhala pakhonde la mzikiti ikatha Jumu'ah yoyamba ya teremu ino, Insha Allah, makope aja ali m'manja, kuti aliyense wofuna aone yekha mafunso amene tikunenawa.

Limodzi mwa makopewo tidzalibweretsa pa chifukwa china. Mwini wake, mnyamata wa Fomu 2, anaiwala pepala la mafunso kunyumba. Atafika kudoko anapeza agogo ena akumata bwato, ndipo posowa chonena anangoti, "Agogo, tandiuzani za bwato lanuli." Analemba masamba anayi: mtengo umene anasema, amene anawaphunzitsa kusema, usiku umene mwera unawapeza pakati pa nyanja, ndi mnzawo amene sanabwerere. Mnyamatayo akupitanso Loweruka kukawawerengera m'Chiyao. Akavomera, mudzaiwerenga m'nyuzi yotsatira.

Wassalamu alaikum.

Aphunzitsi oyang'anira kalabu yolemba nkhani